Fizi, Kaundula ndi Mwana: Mbiri ya Sukulu ya Pulayimale m'Malawi

Sukulu ya pulayimale ndiyo malo oyamba kumene mwana wa m'Malawi amakumana ndi boma. Zimene akuluakulu agwirizana m'maofesi a ku Lilongwe, kapena kale ku Zomba, zimamufika iye monga fizi yoti alipire kapena asalipire, chiyankhulo chimene mphunzitsi amuyankhulire, buku loti alimbirane ndi anzake, ndiponso mayeso ogamula ngati apitirire kapena abwerere kukagwira khasu. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Mfundo iliyonse ya maphunziro imagwera khamu limeneli, lomwe siliponya voti ndipo silifunsidwa maganizo kawirikawiri. Kwa zaka zambiri boma linkayeza ntchito yake powerenga mayina olembedwa m'kaundula. Funso lakuti mwana wolembedwayo watolapo chiyani m'kalasi linadza mochedwa kwambiri.

Amene anatsegula sukulu zoyamba ndi amishoni. A Livingstonia ochokera ku Scotland, omwe pakati pawo panali Dr Robert Laws, anafika ku Cape Maclear mu 1875 nayamba kuphunzitsa ana pomwepo. Malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894, kumene anamanga Overtoun Institution. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, Aangilikani a UMCA anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba pa Mvera mu 1889 ndi pa Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. M'busa John Chilembwe naye anatsegula sukulu zake pa Mbombwe ku Chiradzulu atabwerera kuchokera ku America mu 1900.

Mishoni iliyonse inali ndi cholinga chakechake, motero tsogolo la mwana linkadalira mpingo umene unafika m'dera la kwawo. Ku Khondowe ankaphunzitsa Chingerezi chozama, masamu, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito za chipatala, ndipo anyamata ochokera kumeneko anakagwira ukalaliki ndi uphunzitsi mpaka ku Rhodesia, Tanganyika ndi South Africa. A Dutch m'chigawo chapakati anafalitsa sukulu za m'midzi zambirimbiri zophunzitsa kuwerenga Baibulo m'Chinyanja, ulimi ndi ntchito zamanja, koma Chingerezi sankachilimbikitsa kwenikweni. M'madera a Ayao achisilamu monga Mangochi ndi Machinga makolo ambiri anakana kupereka ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa, ndipo anawasiya ku madrasa. Kusiyana kumeneku, komwe palibe mwana anachita kusankha, kunkaonekabe m'chiwerengero cha anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga ngakhale patapita zaka zambiri dziko litalandira ufulu.

Boma la atsamunda, lomwe linakhazikitsidwa mu 1891, linafulumira kutolera msonkho wa nyumba koma linazengereza kuika ndalama ku maphunziro. Thandizo loyamba linaperekedwa cha m'ma 1907, mapaundi 1,000 oti mishoni zigawane. Oyamba kuunika zimenezi poyera anali alendo. Gulu la Phelps-Stokes lochokera ku America linayendera Nyasaland mu 1924, linayamikira khama la amishoni, ndipo linadzudzula boma kaamba kopereka zochepa. Posakhalitsa, mu 1926, Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa, ndipo mu 1929 pa Domasi panatsegulidwa Jeanes Training Centre, yosula aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, omwe ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira za ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo. Maganizo a nthawiyo anali akuti mwana wa munthu wakuda aphunzire zomuthandiza kukhala bwino kumudzi, asamalakelake ntchito za m'maofesi. Mabungwe a eni dziko, momwe munali anthu monga Levi Mumba, anaona kuti mfundoyi ikutsekera ana awo njira, ndipo anapempha mobwerezabwereza kuti boma limange sukulu zake ndi kutsegula sekondale. Sekondale zoyamba, Blantyre Secondary School ndi Zomba Catholic, zinatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Ya boma lenilenilo inadzatsegulidwa ku Dedza mu 1951, patatha zaka 60 chiyambire ulamuliro wa atsamunda.

Ana ambiri a nthawi imeneyo sanapondeko n'komwe pasukulu. M'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ankagwira ntchito pamodzi ndi makolo awo, ndipo m'midzi momwe abambo anapita ku Joni ndi ku Halale, munda ndi ziweto zinatsalira amayi ndi ana.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaika mtima pa ulimi ndi pa kusula anthu oti alowe m'malo mwa azungu m'maofesi. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndipo sekondale zinawonjezeka m'maboma, koma pulayimale inakhalabe yolipira. Fiziyo papepala inkaoneka yochepa. Kwa mlimi wa ana 6 kapena 7, wogwira ndalama kamodzi pachaka akagulitsa mtedza kapena thonje ku ADMARC, inali katundu wolemera, ndipo pamwamba pake panali yunifolomu ndi makope. Kubwezedwa fizi mwana aliyense ankakudziwa. Ndalama zikachepa makolo ambiri ankasankha mnyamata, mtsikana n'kutsala pakhomo kudikira banja. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mwa ana a msinkhu wa pulayimale pafupifupi theka lokha ndilo linali pasukulu.

Opirira mpaka Sitandade 8 ankapeza khomo lopapatiza. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, motero kukhoza mayeso kokha sikunkathandiza. Nkhani inali kusankhidwa. Ana ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, ena kuposa apo, ena n'kusintha dzina kapena kusamukira sukulu ina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Otsala ankalowa Malawi Correspondence College, yomwe inayamba mu 1965 ndipo pambuyo pake inadziwika kuti MCDE, kumene ankaphunzira ndi timabuku totumizidwa ndi aphunzitsi owerengeka. M'nyengo yomweyo, mu 1981, Dr Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, sukulu ya nyumba zokongola ndi aphunzitsi ochokera kunja, yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki kwa ana ochepa osankhidwa m'boma lililonse. Ambiri mwa ophunzira ake anatumikira dziko bwino. Komabe n'kovuta kuvomereza kuti ndalama zochuluka chotero zinayenera kupita kwa ana mazana ochepa pamene anzawo zikwizikwi analibe ndi sileti yomwe.

Chigamulo chimene chinalowa mozama kwambiri m'moyo wa ana chinali cha chiyankhulo. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 unagwirizana kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, ndiponso kuti icho ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo za boma. Chitumbuka, chomwe amishoni ankaphunzitsira ana kumpoto, chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Rumphi, Karonga, Mangochi kapena Nsanje ankayamba Sitandade 1 m'chiyankhulo chomwe mayi ake sankamuyankhulira kunyumba, n'kudzasinthiranso ku Chingerezi pa Sitandade 5. Chichewa chinapinduladi: chinapeza mabuku, kalembedwe kovomerezeka ndi bungwe lake la Chichewa Board mu 1972, ndipo chinamvanitsa anthu m'misika ndi m'matauni. Koma vuto limene ana a ziyankhulo zina anasenza palibe amene analifufuza. Mu 1989 kunabweranso lamulo lakuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, Dr Banda atanena kuti ochokera kumpoto sankaphunzitsa mokhulupirika ana a zigawo zina. Sukulu zambiri za pakati ndi kumwera zinataya aphunzitsi odziwa ntchito m'kanthawi kochepa, makamaka a masamu ndi sayansi. M'ulamuliro wa chipani chimodzi, kufunsa ngati chigamulo chapweteka ana kunali kutsutsa Ngwazi Banda, ndipo chilango chake aliyense ankachidziwa. N'chifukwa chake nyengo imeneyi inasiya ziwerengero za olembetsa ndi za okhoza mayeso, koma umboni wochepa wa zimene ana ankakumana nazo.

Achinyamata osiya sukulu boma linawakonzera Malawi Young Pioneers, gulu lomwe linayamba mu 1963. M'mabesi monga Nasawa ku Zomba ndi Amalika ku Thyolo ankaphunzira ulimi wamakono, ntchito zamanja ndi ngodya zinayi za chipani, ndipo ena ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi. Ana asukulu nawo ankagwira ntchito zachitukuko pa Sabata ya Achinyamata ndi kundanda m'misewu kulandira mtsogoleri. Luso lomwe apayoniya ena anatola linali lenileni ndipo linawadyetsa moyo wawo wonse, koma gululo linasanduka chida choopsezera anthu, chokhala ndi mfuti, mpaka asilikali analilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani.

Kusintha kunayamba chipani chimodzi chisanagwe. Mu 1990 mayiko anakumana ku Jomtien ku Thailand nagwirizana kuti mwana aliyense apeze maphunziro oyambirira, ndipo mu 1991 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana. Chaka chomwecho boma linayamba kuchotsa fizi pang'onopang'ono kuyambira Sitandade 1, ndipo posakhalitsa pulogalamu ya GABLE, yothandizidwa ndi USAID, inayamba kulipirira atsikana omwe sanabwereze kalasi. Mu Disembala 1993 kunatuluka mfundo yolola mtsikana wotenga pathupi kubwerera kusukulu akachira. Kale akangodziwika, sukulu inkathera pomwepo. Mfundoyi inali yoyenera, koma ahedi ambiri ndi makolo sanaidziwe msanga, ndipo mtsikana wobwerera ankakumana ndi chitonzo komanso kusowa womusiyira khanda.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, chipani cha UDF cha Bakili Muluzi chinalonjeza sukulu yaulere, ndipo chitapambana chinakwaniritsa lonjezolo m'miyezi yochepa chabe. Fizi inachotsedwa m'makalasi onse a pulayimale, yunifolomu inaleka kukhala yokakamiza, ndipo Malamulo atsopano oyendetsera dziko analemba maphunziro ngati ufulu wa munthu aliyense. Sukulu zitatsegulidwa chakumapeto kwa chaka chimenecho, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Anabwera ana a zaka 6, anabweranso a zaka 12 ndi 14 omwe anali asanagwirepo pensulo, ndi ena omwe anasiyira panjira kalekale. Panali anthu ena omwe ankati amphawi safuna sukulu. Khamu la chaka chimenecho linaonetsa kuti chomwe chinkawatsekereza chinali ndalama.

Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizichuluka tsiku limodzi. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ndipo pafupifupi 18,000 mwa iwo anali asanapiteko ku koleji ya uphunzitsi. Ambiri anali ndi satifiketi ya JC yokha. Anaphunzitsidwa kwa milungu yosakwana 3, n'kupatsidwa choko ndi kalasi. Ena omwe anali atapuma pantchito anaitanidwanso. Pulogalamu yowasula ali pantchito, yotchedwa MIITEP, inayamba mu 1997: miyezi 3 ku koleji, nthawi yambiri yotsalayo akuphunzira pawokha uku akuphunzitsa, moyang'aniridwa ndi ahedi ndi alangizi omwe nawonso ntchito inali itawasefukira. Ana anakhala pansi pa mitengo ya mango ndi m'matchalitchi, mvula ikagwa n'kuweruka. M'makalasi a Sitandade 1 ndi 2, mphunzitsi mmodzi kukhala ndi ana oposa 100 sichinali chachilendo, ndipo m'kalasi lotero mwana wokhala kumbuyo akhoza kutha teremu yonse osatchulidwa dzina kupatula poitana kaundula. Ngakhale ntchito yogula makope inadetsedwa: nkhani ya makope ochokera ku kampani ya Fieldyork ya ku Britain inafikitsa nduna ya maphunziro ya nthawiyo, Sam Mpasu, kukhoti, lomwe linamupeza wolakwa mu 2008. M'zaka zomwezo Edzi inkapha aphunzitsi ndi makolo, kusiya makalasi opanda mwini ndi ana amasiye oleredwa ndi agogo. MASAF, yomwe inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, inathandiza midzi yowumba njerwa kumanga midadada, koma ana ankachuluka mofulumira kuposa midadadayo.

Phindu la 1994 siloyenera kulipeputsa. Ana a mabanja osaukitsitsa ndiwo anapindula kwambiri, ndipo m'makalasi oyambirira chiwerengero cha atsikana chinafika pofanana ndi cha anyamata. Mayiko ena anatsata njira yomweyo, Uganda mu 1997, Zambia mu 2002, Kenya mu 2003. Vuto linali lakuti kulowa kunaphweka koma kukhalitsa kunavuta. Kubwereza kalasi kunachuluka, ndipo sukulu yokhala ndi ana mazanamazana mu Sitandade 1 inkakhala ndi makumi ochepa mu Sitandade 8. Makolo ena atamva kuti sukulu ndi yaulere analeka kuwumba njerwa ndi kukonza nyumba za aphunzitsi, amvekere zonse ndi za boma. Ulerewonso sunali wathunthu. Makomiti a sukulu, posowa pogwira, anayamba kutolera ndalama za chitukuko, za mlonda, za mayeso a kumapeto kwa teremu, ndipo m'malo ambiri mwana wosapereka ankabwezedwa monga kale. Chinasintha ndi dzina la ndalamayo. Opeza bwino anasamutsira ana awo ku sukulu zapulayiveti zomwe zinaphuka m'matauni. Pokonzekera khamu lomwe linkabwera, boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala ma CDSS, sekondale za m'madera, mu 1998, ambiri mwa iwo opanda labotale kapena laibulale, ndipo aphunzitsi ake ambiri anali osulidwira pulayimale.

Kuyeza zimene ana akudziwa kunayamba m'nyengo imeneyi, ndipo zotsatira zake zinali zowawa. Bungwe la SACMEQ, lomwe limalembetsa mayeso ofanana kwa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, linapeza kuti pa kuwerenga ndi masamu ana a ku Malawi anali kumapeto kapena pafupi ndi kumapeto, m'kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi wa 2007 yemwe. Awa anali ana opirira omwe anafika Sitandade 6. Osiyira panjira sanawerengedwe n'komwe. Mu 2010 kunachitika kafukufuku wina wosavuta kumva, wotchedwa EGRA. Wofufuza ankakhala ndi mwana mmodzimmodzi, kumupatsa kankhani kakafupi ka m'Chichewa, ndi kumvetsera kwa mphindi imodzi. Ana oposa theka a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi, ndipo mu Sitandade 4 munalinso ambiri otero. Kaundula wa unduna ankawawerengera onsewa ngati ophunzira. Njira yoyezera imeneyi inagwedeza zokambirana za maphunziro kuposa malipoti ambiri akale, pakuti kholo lililonse lodziwa kuwerenga likhoza kuiyesa pakhonde ndi mwana wake. Kuchokera pamenepo kunabadwa mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga poyambira pa maliwu ndi maphatikizo, omwe mu 2016 anakula kukhala National Reading Programme ya sukulu zonse za boma.

Nkhani ya chiyankhulo yokha inapitiriza kuyenda mosatsata umboni. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha dera lawo, koma mabuku a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena sanasindikizidwe mokwanira ndipo aphunzitsi sanakonzekeretsedwe, choncho lamulolo linathera papepala. Lamulo la Maphunziro la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1962 ndi kunena kuti mwana aliyense akukakamizidwa kuphunzira pulayimale, linatchula Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti chiziyambira Sitandade 1. Izi zinachitika pamene kafukufuku anali atangoonetsa kuti ana akulephera kuwerenga ndi Chichewa chomwe. M'makalasi ambiri akumudzi aphunzitsi anapitiriza zomwe akhala akuchita, kuwerenga Chingerezi cha m'buku n'kufotokoza m'chiyankhulo chomwe ana akumva. Mayeso a JC, omwe boma lina linawathetsa pakati pa zaka za m'ma 2010 ndipo lina linawabwezeretsa mu 2021, ndi chitsanzo chinanso cha mfundo yosinthasintha pamutu pa ana omwewo.

Njala ya 2002 inaonetsa poyera chinthu chomwe aphunzitsi ankachidziwa kale, kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, makalasi amapepuka. Phala la kusukulu, lomwe World Food Programme inaliyesa ku Dedza mu 1999 ndipo Mary's Meals inaliyamba m'nyengo ya njalayo, lafalikira m'maboma ambiri, amayi a m'midzi akudzipereka kulawirira kukaphika. Kumene kuli phala ana amabwera ochuluka ndipo kujomba kumachepa, koma gawo lalikulu la ndalama zake limachokera kwa abwenzi akunja, ndipo sukulu zambiri sizinafikiridwe.

Mtukula Pakhomo inayamba ku Mchinji mu 2006, kupereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndi kangachepe kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Iyi ndi imodzi mwa mfundo zochepa zomwe zinayesedwa kaye pamalo amodzi, kuunikidwa, kenako n'kufalitsidwa. Kafukufuku wa pakati pa 2013 ndi 2015 ku Salima ndi Mangochi, momwe munali Centre for Social Research ya ku Zomba ndi University of North Carolina, anayerekeza midzi yolandira ndi yomwe inali isanayambe kulandira, napeza kuti ana a mabanja olandira ankapita kusukulu kwambiri ndipo pakhomo pawo ankadya bwinoko. Ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa njira ziwiri pa atsikana a zaka 13 mpaka 22. Ena ankalandira ndalama pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankangolandira popanda chowakakamiza. Njira yoyamba ndiyo inachepetsa kwambiri kusiya sukulu. Yachiwiri ndiyo inachepetsa mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana wosiya sukulu ankakhalabe ndi kanthu m'manja ndipo sankathamangira banja. Ofufuzawo atabwerera ndalama zitasiya kuperekedwa, anapeza kuti mbali yaikulu ya phindulo inazilala. Kubwererako n'kofunika kukutchula, pakuti mapulogalamu ambiri amaunikidwa akadali m'kati, pamene zonse zikuoneka bwino, ndipo si kawirikawiri wina kudzafunsanso za anawo atakula.

Malamulo oteteza ana nawo anachuluka. Lamulo la ntchito la 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ngakhale kuti m'minda ya fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba ana a matenanti anapitiriza kuthyola ndi kusoka fodya nthawi ya sukulu. Utenantiwo unadzaletsedwa mu 2021. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linadza mu 2010. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, koma Malamulo oyendetsera dziko ankalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza, mpaka Nyumba ya Malamulo inatseka mpatawo mu Febuluwale 2017. Kukula kwa vutoli kunaoneka m'kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, yemwe anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Kumene lamuloli lagwira ntchito, kawirikawiri pamakhala mfumu yolimba mtima ndi magulu a amayi a pasukulu omwe amatsatira mtsikana mpaka kwawo. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu aang'ono owavomereza.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa kuti chigamulo chofuna kuteteza anthu chikhoza kuvulaza ana kumbali yomwe palibe anayang'anako. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, m'dziko musanapezeke n'komwe wodwala woyamba, ndipo zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala, makalasi a mayeso poyamba, otsalawo mu Okutobala. Maphunziro a pawailesi ndi pa intaneti anafikira ochepa, pakuti nyumba zambiri zakumudzi zilibe magetsi, zina zilibe ndi wailesi yomwe. Phala la kusukulu nalo linaima pamodzi ndi makalasi. Kafukufuku wachangu wa boma anapeza mimba za atsikana pafupifupi 13,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 40,000 m'miyezi imeneyo. Ziwerengerozi zinatoleredwa madzi atafika kale m'khosi. Matendawa atabukanso mu Januwale 2021, sukulu zinatsekedwa kwa milungu yochepa chabe.

M'zaka zaposachedwa makhoti nawo ayamba kuunika mfundo za unduna poyang'ana mwana mmodzi amene zamukhudza. Kwa nthawi yaitali sukulu za boma zinkabweza ana a Chirasta mpaka atameta tsitsi lawo, potsata chizolowezi chomwe ambiri amati chinachokera ku malamulo a kavalidwe ndi kametedwe a m'zaka za m'ma 1970. Mlandu wotsutsa mchitidwewu unayamba ndi ana awiri, wina wosankhidwira ku sekondale ina ku Zomba, wina wokanizidwa malo pa pulayimale ina ku Blantyre. Mu Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba wa Khoti Lalikulu ku Zomba anagamula kuti kuwabweza n'kuphwanya ufulu wawo wa maphunziro ndi wa chipembedzo, ndipo analamula unduna kuti ulembere sukulu zonse za boma kalata yoti ana otere azilandiridwa.